Amati Mawu Anga Anapita ndi Mkaka

Kwaya yathu ilibe gitala, ilibenso ng'oma zogwira ndi manja. Tili ndi kiyibodi imodzi yakale, sipika ziwiri zimene zinabwera ndi dalaivala wa thiraki kuchokera ku Zambia, ndi mabiti. Mabitiwo ndimapanga ndine pa laputopu yanga. Mkati mwake muli pulogalamu yokhala ndi zoimbira zonse, piyano, limba, besi, malipenga, ng'oma, zonse zongopangidwa ndi kompyuta, koma zikatuluka pa sipika munthu wa kumbuyo kwa tchalitchi amaganiza kuti kutsogolo kwakhala gulu lonse.

Satifiketi yanga ndi ya makompyuta, ndinaitenga ku Lilongwe. Ntchito sindinaipeze. Ndinabwerera kuno ku Mchinji, ndinakwatiwa ndi munthu wolongosola mapepala a mathiraki kuboda, ndipo chimene chinatsala cha sukulu yanga yonse chinali laputopuyo ndi mabitiwo. Ndikunena izi kuti mumvetse kuti sichinali chinthu chaching'ono kwa ine.

Mtsogoleri wa kwaya timangomutchula kuti amasitala. Ndi bambo wamkulu ndithu, kapitawo pa esiteti ina ya fodya, woimba tena wodziwika mpaka kutsidya kwa malire. Kiyibodi amaiimba, koma pa makiyi akuda okhaokha. Zala zawo zinazolowera njira imodzi ngati njinga ya wakabaza. Nyimbo ikafuna kukwera kapena kutsika, iwo sasuntha zala, amangodina kabatani ka thiransipozi, kiyibodi n'kudzikweza yokha, iwo n'kumapitiriza pamalo pawo pomwepo. Oimba kiyibodi ambiri a m'matchalitchi athu amatero, si chamanyazi. Tinkagwira ntchito chonchi: iwo amaimba pa kiyibodi, chingwe chimatengera zimene aimbazo mu laputopu, ine n'kumawongola, kuwonjezera besi ndi ng'oma, mpaka biti itapsa.

Panali nyimbo imodzi imene sinali yawo. Ndinaipeka ndekha ndili ndi pakati. Mimba yanga yoyamba inachoka ili yaing'ono, ndiye yachiwiriyi ndinkayenda nayo ngati munthu wasenza ndowa yodzaza pa msewu woterera. Nyimboyo inali yopempha Mulungu basi, kuti uyu yekha andisiyire. Chakumapeto kwake muli malo amene mawu amakwera n'kukhala m'mwamba kwa kanthawi, kwaya yonse ili chete, kenako kabelu kakang'ono kamalira kamodzi, nyimbo n'kutha. Kiyi yake ndinaisankha ndekha, ndinaiyeza pakhosi panga monga telala amayezera diresi. Ndinkafika pamwambapo bwinobwino, ngakhale mimba itakula.

Nditatsala pang'ono kuchira, ndinasiya laputopu kwa amasitala kuti kwaya isaime. Ndinawasonyeza potsegulira nyimbo ndi poiimitsira. Zina sindinawasonyeze, sanafunsenso.

Mwana anabadwa, wamkazi, wamoyo. Apongozi anandisunga m'nyumba mpaka atatuluka m'chikuta, kenako anati ndidikirebe khosi lake lilimbe. Nditabwerera ku kwaya, linali Loweruka masana, mwana ali kumbuyo. Amayi anandilandira ndi nthungululu. Amasitala anati, "Amake mwana, nyimbo yanu yakusowani. Mawa muiimbe ndinu."

Pa pulakatisi sitinafike nayo kumapeto, nthawi inatha. Koma pongoyamba ndinamva kuti ndaima pa malo achilendo, ngati sitepe ya pakhomo imene wina waikweza iwe uli paulendo. Ndinati ndi kusaimba nthawi yaitali.

Lamulungu ndinaima kutsogolo, tchalitchi chodzaza, apongozi atanyamula mwana pa benchi yoyamba ya amayi. Ndime yoyamba ndinadutsa movutikira. Yachiwiri khosi linayamba kuuma. Titafika pamwamba paja, pamene kwaya imakhala chete, ndinatsegula pakamwa ndipo chimene chinatuluka sindikufuna kuchifotokoza. Mwana wina kumbuyo anaseka. Ndinayesanso, mawu anang'ambika pakati. Biti inapitirira yokha mpaka kumapeto, ine nditangoima ndi maikolofoni m'manja.

Titatuluka, kwaya itasonkhana kuseri kwa tchalitchi monga timachitira, ndinafunsa mwaulemu.

"Amasitala, kodi biti ija sinakwere?"

Anaseka pang'ono, osati mwankhanza, ndipo ndi zimene zimandipweteka mpaka lero.

"Kompyuta sinama, amake mwana. Munatiuza ndinu nomwe. Sikwera, sitsika. Amasintha ndi munthu." Kenako anatembenukira kwa amayi. "Si zachilendo izi. Mawu amapita ndi mkaka. Mwana akamayamwa amakoka zonse. Ndikunama, amayi?"

Amayi ena anavomera. Wina anati mchemwali wake zinamuchitikira, anali soparano, pano amaimba alito. Wina anati zimabwerera mwana akasiya bere, wina anati sizibwerera. Amasitala anati pakadali pano nyimboyo aziimba mlamu wawo, mtsikana amene anali atangolemba mayeso a Fomu Folo, amene ankaiimba ine kulibe. "Inu muzikhala pa laputopu. Pamenepo mukhoza kumayamwitsa bwinobwino, palibe akuoneni."

Ine ndine munthu wamantha chibadwire. Mwana akatsokomola kamodzi ndimakhala nditaganiza kale za kuchipatala. Ndiye mawu amenewo anagwera pa nthaka yolimidwa kale. Ndinamwa jinja, ndinamwa mandimu ndi uchi, ndinameza dzira laliwisi limene apongozi anandipatsa mpaka kufuna kusanza. Ndinasiya kuimba ngakhale m'nyumba, poopa kumva chinthu chija kachiwiri.

Tsopano ndinene chimene sindinauzepo munthu pakamwa. Tsiku lina masana ndinali kuyamwitsa pakhonde. Mwana anali atagwira bulauzi yanga ndi kadzanja kake, akumeza, maso ali pa ine. Ndinamuyang'ana, ndipo mumtima mwanga munabwera mawu akuti, iwe ndiwe wandibera. Mwana amene ndinamupempha ndi nyimbo yomweyo. Ndinayamba kuwerengera kuti ndingamuletse kuyamwa liti, kuti mwina wa m'chitini ungamukwanire. Sindinachite. Koma ndinaganiza, ndipo sikunali kamodzi. Kuchita manyazi m'tchalitchi ndikanakhululuka. Anthu amaiwala, Lamulungu lotsatira amaseka wina. Koma munthu amene anandichititsa kuyang'ana mwana wanga ngati mbala, ameneyo ayi.

Choonadi chinayamba kutuluka pa beseni la matewera. Ndinali kuchapa m'mawa, maganizo ali kwina, ndipo pakamwa panayamba kuimba pokha. Ndinangozindikira nditadutsa pamwamba paja, mawu ali phee, osagwedezeka. Bambo a mwana anali kupukuta nsapato pakhomo.

"Nanga si awo mawu aja amati anapita?"

"Ndaiyambira pansi," ndinatero. "Popanda biti aliyense akhoza."

"Biti ili m'foni mwangamu. Unanditumizira uli ndi pakati, ukuti ndizimvera kuboda."

Anaitsegula. Ndinaimba nayo, manja ali ndi thovu. Ndinafika pamwamba, ndinakhalapo, kabelu kanalira. Ndinawauza abwereze. Ndinafikanso. Pamenepo ndinakumbukira chinthu china: m'tchalitchi muja, kuyambira pamene ndinabwerera, kabeluko sindinakamvepo. Ndiponso mlamu wa amasitala akamaimba nyimboyo, ine nditakhala pa laputopu, ndinkamva kuti piyano ndi limba sizikugwirizana, zinkawawasa ngati thobwa logona. Ndinawafunsapo amasitala, anati ndi sipika, tsiku lina anati laputopu yanga ili ndi mavairasi.

Laputopuyo inali ikugonabe kwawo. Loweruka ndinawauza kuti ndikufuna kulembera kalata yofunsira ntchito. Anazengereza, anati mbewa yake, kachipangizo kodinira kaja, ili kunyumba, anati chaja anabwereka munthu. Ndinati ndili nazo zina. Ndinaitenga.

Ndinaitsegula Lolemba, dzuwa lili pamutu, mwana atagona pa mphasa pafupi nane, malata akulira ndi kutentha. Ndinayamba ndi zifukwa zosalakwitsa munthu, chifukwa mbali ina ya mtima wanga inkafunabe kuti akhale makina. Nthawi zina kompyuta ndi kabokosi kotulutsira mawu zimasemphana liwiro, ndipo nyimbo imakwera n'kumathamanganso. Ndinaimbitsa ya m'foni ndi ya mu laputopu pamodzi. Zinayambira limodzi, zinathera limodzi, koma ya mu laputopu inali pamwamba. Si liwiro. Ndinaganiza za kagudumu ka pambali pa kiyibodi, kokhotetsa mawu, kamene fumbi la kuno likalowamo kamatumiza zinthu zabodza mu nyimbo. Ndinayang'ana mzere wake, unali wowongoka ngati mmene ndinausiyira. Ndinayang'ana manotsi enieniwo, timizere timene timaimira kiyi iliyonse yodinidwa. Tonse tinali m'malo mwake, palibe kamene kanasunthidwa. Pamwamba pa pulogalamu pali kotsetsereka kamodzi kamene kamakweza kapena kutsitsa zoimbira zonse nthawi imodzi. Kanali pakati, pamalo pake.

Ndinakhala kaye. Mwana anatembenuka, ndinamusisita mpaka anagonanso. Zonse zinkaoneka zolondola, koma khutu linkakana.

Kenako ndinayamba kutsegula choimbira chilichonse pachokha. Chilichonse chili ndi nkhope yake, yodzaza timabatani tozungulira, ndipo pakona pali kamodzi kochunira, kamene munthu sakhudza pokhapokha pali chifukwa. Pa piyano kanali katapotozedwa. Pa besi katapotozedwa. Pa malipenga chimodzimodzi. Pa limba katapotozedwanso, koma osafika pamene panafika tinzake, ndiye kuwawasa kuja. Palibe tiwiri timene tinali pamalo ofanana ndendende. Munthu anachita kukoka kamodzikamodzi ndi mbewa, akuyeza ndi khutu.

Ndinaona zonse ngati ndinalipo. Mlamu wa amasitala ali ndi mawu ang'onoang'ono a pamwamba, kiyi yanga inamutsikira. Amasitala sakanatha kuiimbanso nyimboyo pa kiyi ina, zala zawo zimadziwa njira imodzi. Anafunafuna kabatani ka thiransipozi pa laputopu monga ka pa kiyibodi yawo, sanakapeze, ndiye anangolowa m'chipinda chilichonse n'kupotoza chimene anapeza. Akanandiimbira foni ndikanawauza za kotsetsereka ka pamwamba kaja, ntchito ya kuphethira kwa diso. Mpaka pamenepo panalibe mlandu. Ine kunalibe, kwaya imafunika kuimba.

Ndinatsikira pansi pa mndandanda wa zoimbira, pamene pali kabelu. Kanali kozimitsidwa. Ndinakatsegula. Kochunira kake kanali pakati, sikanakhudzidwe. Ndinakayatsa, ndinaimbitsa mapeto a nyimbo, ndipo kanalira pa kiyi yanga yakale, kokha, kosemphana ndi zina zonse. Zoimbira zonse zinasamuka, kabelu kokha ndi kamene kanatsala pamene ndinakasiya.

Kabeluko amasitala sanathe kukachuna, kapena anakaiwala mpaka kanalira molakwika pa pulakatisi, ndiye anakatseka pakamwa. Munthu amene anachita zimenezi sangaiwale kuti anakweza nyimbo. Anandiuza kuti mawa muiimbe ndinu akudziwa. Anaima pambali panga Lamulungu lija akumenya nthawi ndi dzanja, akudziwa chimene chikundidikira kumapeto. Ndinawafunsa pamaso pa anthu, anayankha kuti kompyuta sinama.

Madzulo ndinawasonyeza bambo a mwana. Anakwiya, anati tipite kwa abusa.

"Tikanene chiyani? Kuti kabatani ka piyano kanapotoka? Abusa foni yawo amawatsegulira ndi mwana wawo. Adzatikhazika pansi, adzawerenga vesi, adzati gwiranani chanza. Amasitala adzati pepani ngati panali kulakwitsa. Ngati."

"Ndiye ukufuna chiyani?"

"Ndikufuna khosi lawo limve."

"Amake mwana, zimenezo si za kutchalitchi."

"Zimene anandichita anandichitira kumsika?"

Anangoti iwo asamve nawo.

Choyamba ndinakonza zonse. Tochunira tonse ndinatibwezera pakati, kenako nyimbo yanga ndinaikwezera mlamu uja mwaukhondo, ndi kotsetsereka kamodzi, zoimbira zonse pamodzi, kuwawasa kunatha. Kabelu ndinakasiya kozimitsa. Ya kiyi yanga ndinaisunga padera. Loweruka amasitala atamva anati, "Mwachotsa mavairasi aja eti? Sukulu ndi yabwino." Ndinati zikomo.

Kutsogolo kunali msonkhano wa makwaya cha ku Kachebere, umene umabweretsa makwaya a m'midzi yonse ya m'malire, ena ochokera kutsidya. Kumeneko amasitala amakhala mfumu. Ali ndi nyimbo yawo imene amatsekera nayo chaka chilichonse. Kumapeto kwake kwaya imang'ung'udza pansipansi, iwo n'kukwera okha, n'kugwira mawu amodzi nthawi yaitali, dzanja limodzi m'mwamba litagwira kampango koyera. Amayi amathamanga kukawapukuta thukuta. Anthu amabwera kudzaonera kampangoko.

Mu pulogalamu muja munthu akhoza kujambula mzere wouza kabatani kalikonse kuti kaziyenda kokha nyimbo ikamapita. Timaugwiritsa ntchito pofuna kuti mawu azizilala pang'onopang'ono kumapeto. Ine ndinaujambula pa kotsetsereka kokweza zoimbira zonse. Poyamba nyimbo mzerewo unali pansi, pa kiyi yawo yeniyeni, kuti ayambe ali pakwawo. Kenako unkakwera pang'ono kwambiri, ngati msewu umene sudziwa kuti ndi chitunda mpaka utamva miyendo kulemera pa njinga. Pofika pa kampango unali utakwera monga mmene iwo anakwezera yanga. Sindinawonjezere. Ndinayeza ndi kabelu kaja kuti muyeso ukhale womwewo.

Ndinauyesa ndekha kunyumba, ndikuimba nawo. Ine amene ndinaujambula sindinamve pamene unayambira kukwera. Ndinangomva khosi likuthina. Ng'oma zokha ndi zimene zinkauma pang'ono chakumapeto, koma ndani amamvetsera ng'oma pamene amasitala akweza dzanja?

Mzerewo uli ndi poyatsira ndi pozimitsira. Pa mapulakatisi onse unali wozimitsa. Amasitala ankafika pamwamba pawo mosavuta, ine ndili pa laputopu, pamalo pamene anandiika okha, ndikuyamwitsa.

Tsikulo tinapita pa lole ya ku esiteti, fumbi lili kobo, mwana nditamufunditsa chitenje kumutu. Njira yonse ndinkaganiza kuti nanga magetsi akazima pakati, nanga wina wa khutu lakuthwa akaimirira n'kuloza ine, nanga mwana akadwala sabata yomweyo, ndidzati n'chilango? Pofika ndinali nditatsala pang'ono kuzisiya. Ndinadziuza kuti kudziwa kokha kwandikwanira.

Tikulumikiza zingwe kutsogolo, kunabwera mtsogoleri wa kwaya ina ya ku Zambia, mnzawo wa amasitala wakalekale. Anandiona n'kundizindikira.

"Si aba amene anaimba nyimbo ija ya kabelu chaka chatha? Lelo muimba futi?"

Ndisanatsegule pakamwa amasitala anayankha. "Anali soparano wathu ameneyu. Koma kamwanaka kanamulanda mawu onse. Kakuba aka." Anagwira tsaya la mwana wanga ndi chala, akuseka.

Ndinamwetulira. Atatembenuka ndinatsegula nyimbo yawo n'kuyatsa mzere.

Tinali omaliza masana amenewo. Tchalitchi chinali chodzaza mpaka m'mawindo. Mlamu anaimba nyimbo yanga, anaimba bwino, sindinganame. Kenako amasitala anatenga maikolofoni, anatulutsa kampango m'thumba, anthu anayamba kale kuwomba m'manja. Anandigwedezera mutu. Ndinadina.

Ndime yoyamba inali yokoma. Ndinaiwala pang'ono chimene ndinachita, chifukwa bamboyo amaimba, zimenezo sindingawalande. Ndime yachiwiri ndinaona akumasula batani la pakhosi. Pa kolasi amayi a soparano anayamba kukweza zibwano. Mayi wina wa alito, wamasiye wogulitsa zitenje pa Boma, amene anayamba kuimba m'kwayayi ine ndisanabadwe, anatembenuza maso n'kundiyang'ana. Ine ndinayang'ana mwana. Pa sikirini kamzere kankakwera, kachizindikiro kakuyenda pamwamba pake ngati nyerere.

Kwaya inatsikira pong'ung'udza. Amasitala anapita patsogolo, anakoka mpweya, anakweza kampango. Mitsempha ya pakhosi inatuluka. Mawu anakwera, anakwera, anatsala pang'ono, kenako anathyoka ngati a tambala wongophunzira kulira. Maikolofoni inatengera zonse ku sipika ziwiri zija. Anatsokomola, anayesanso, ndipo kachiwiriko kunangotuluka mpweya ndi kamluzu. Dzanja linali likadali m'mwamba, ataliiwala. Amayi awiri amene anali atanyamuka kale kukawapukuta anaima pakati pa njira, osadziwa kuti apitirire kapena abwerere. Kumbali ya a ku Zambia wina ananena momveka, "Amudala akangiwa manje," kutanthauza kuti mkuluyo walephera tsopano. Anthu anaseka chobisa, kumene kumapweteka kuposa kuseka poyera. Biti inapitirira yokha mpaka kumapeto.

Anthu amati kubwezera kulibe kukoma. Ine ndinamva kukoma. Ndinamva ngati ndamwa madzi a mumtsuko nditayenda pa dzuwa. Ndinazimitsa mzere uja, ndipo mumtima munali bata kwa nthawi yoyamba chibadwire mwana.

Tinasonkhana pa lole. Amasitala anabwera kumapeto, kampango katalowa m'thumba, anaima patsogolo panga.

"Biti ija inakwera."

Ndinali nditakhala pa tayala la sipeya, mwana ali pa bere. Sindinaimirire.

"Kompyuta sinama, amasitala. Sikwera, sitsika."

Mayi wa zitenje uja anati, "Kapena nanunso mukuyamwitsa, amasitala? Mutiuze, tikuphikireni phala."

Lole yonse inaphulika. Ngakhale mlamu wawo anabisa nkhope m'chitenje. Amasitala anadikira kuti phokoso litsike.

"Ndikudziwa chimene ndikunena. Inayamba bwino, inathera pamwamba. Wina anaikhudza."

"Ngati imatheka kukwezedwa, tisonyezeni pamene amakwezera," ndinatero. "Ine ndiitsegula pompano, batire ilipo. Aliyense aone. Tikatha imeneyo titsegulenso ina ija ya kabelu, tione ngati nayonso inakhudzidwapo ine kulibe. Kabelu kaja kanapita kuti, amasitala?"

Ndinaona pankhope pawo akuwerengera njira ziwiri. Akati kompyuta imakwezedwa, amayi onse aja amene anavomera za mkaka adzafunsa kuti anadziwa liti. Akati siikwezedwa, ndiye kuti khosi lawo latha. Ndinkafuna asankhe yoyamba. Ndinkafuna amve pakamwa pawo pakutuluka choonadi anthu akumva.

"Ndi chimfine," anatero. "Fumbi la pa loleli. Tiyeni tizipita, kwada."

Anakakhala kutsogolo ndi dalaivala. Njira yonse amayi ankawafunira mankhwala mofuula, wina jinja, wina dzira laliwisi.

Loweruka lotsatira, pulakatisi isanayambe, ndinaimirira n'kunena kuti ndikufuna kuyesanso nyimbo yanga. Amasitala anayang'ana pansi, anati yesani. Mwana ndinamupereka kwa mayi wa zitenje, ndinatsegula imene ndinasunga padera, ya kiyi yanga, ndinadina n'kupita kutsogolo. Ndime yoyamba, yachiwiri, kwaya inakhala chete. Ndinakwera, ndinafika, ndinakhalapo mpaka mpweya unatsala pang'ono kutha. Kabelu kanalira.

Amayi analulutira. Wina anati, "Abwerera! Si mwana wayamba phala?" Ena anavomera kuti eya, akayamba phala mawu amabwerera. Ndinayang'ana amasitala kuti anene kanthu. Anali kupukuta makiyi a kiyibodi ndi kampango kaja.

Mayi wa zitenje pondibwezera mwana anandinong'oneza, "Ine ndaimba alito zaka zonsezi, mwana wanga. Tsiku lija khosi langa linandiuza kuti tikukwera phiri. Usadzatiyendetsenso pamenepo tonse, ena ndife okalamba." Ndinati ndamva, mayi. Sananenenso china, sanauzenso munthu.

Nyimbo ndinaitenganso, ndimaiimba ndine. Mlamu uja anapatsidwa ina, ndinamupangira biti yake pa kiyi yomuyenera, iye ndilibe naye mawu. Laputopu imagona kwathu, imapita ku tchalitchi m'chikwama cha matewera n'kubwerera momwemo. Amasitala akadali amasitala. Nyimbo yawo amaiimbabe, amafika pamwamba, kampango kamakwera, ngakhale a ku Zambia akatiwona amafunsabe za chimfine.

Koma amayi a m'kwaya mpaka lero amakhulupirira kuti mawu anga anapita ndi mkaka n'kubwerera ndi phala. Mwana wanga akadzakula adzamva nkhani imeneyo kwa wina, kuti ali khanda anawalanda mawu amayi ake. Bambo a mwana amati ndizisiye, ndinapambana kale. Ine ndimati sindinapambane, ndinangobweza theka.

Ndiye mzere uja sindinaufufute. Uli momwemo mu nyimbo yawo, wozimitsa. Amasitala amadziwa, ngakhale sitinakambepo. Nthawi iliyonse akatenga maikolofoni kuti aiyambe, amayamba ayang'ana kumene ndakhala, ine n'kuika chala pa mbewa, osafulumira kudina. Ndimawasiya adikire pang'ono. Ndidzaufufuta tsiku limene adzaime kuseri kwa tchalitchi, pamalo pomwe paja, pamaso pa amayi omwe aja, n'kunena kuti mwana wanga sanabe kanthu.